Dzina la a Laurinda linagwera kunja

Beira

Okondedwa amalume Ezequiel,

Ndikhulupirira muli bwino ndi onse pakhomo ku Domwe. Kuno kukutentha, koma maphunziro akuyenda.

Amayi andiuza pa foni kuti pogawa mbewu ya mbatatesi ku gulu lanu la alimi, dzina la a Laurinda, amayi amasiye aja, silinapezeke pa mndandanda. Akuti anthu akunena kuti munalifufuta dala chifukwa cha mkangano wanu wa malire a dimba.

Amalume, inu simunafufute munthu. Yalakwa ndi programa ya pa komputadori ija ndinakulemberani yosungira mayina a alimi.

Muli mzere umodzi umene ndinauza makina zinthu ziwiri nthawi imodzi: alembe dzina pa nambala, ndiponso awonjezere nambalayo. Chilankhulo cha C, chimene ndinalembera programayo, sichinena choyamba ndi chiti. Imasankha yokha ndi kompiladori, imene imamasulira zolemba zathu kuti makina amve. Ya pa komputadori yanga inkayamba ndi kulemba dzina. Imene anagwiritsa ntchito potulutsa mndandanda wanu ku Ulongwe inayamba ndi kuwonjezera. Mayina onse anatsika malo amodzi, lomaliza n'kugwera kunja.

Kompiladori yanga inandichenjeza. Chenjezolo ndinaliona ndi maso angawa, koma ndinkathamangira chapa, minibasi ya ku Tete.

Mzere uja ndaugawa pawiri, vuto latha. Koma ndamva kuti mvula yagwa kale, ndipo munda wa a Laurinda uli chomwecho wosabzala. Ngati mbewu inakutsaliraniko... sindikudziwa ndipemphe bwanji.

Kalatayi mukaiwerenge pa msonkhano wa Loweruka. Dzina langa musalidumphe.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Rosinha