Wailesi yanga yapita chifukwa cha "ligi"

Loweruka, Novembala, Chipoka. Kwatentha, ndipo mtima ukundiwawa.

Masana ndinali pakhonde kumvera pa wailesi yanga mpikisano wa ragibi wa mayiko, Angelezi akulimbana ndi Australia. Masewerawa ndinawakondera kusekondale, komwe tinkathamanga ndi mpira wonga dzira uja. Muulutsi ankangoti "ligi, ligi," poti ndilo dzina la mtundu wa ragibi umenewu.

A Chimbalanga, oyandikana nane nyumba, anatolapo liwu limodzi lomwelo. Posakhalitsa anatulukira ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani.

Tcheyamani anafunsa, "Aphunzitsi, azungu akunjawo akuti chiyani za ligi yathu ya achinyamata?"

"Ndi mpira chabe, bambo, wogwira ndi manja," ndinatero.

"Mpira wanji wogwira ndi manja? Ife si ana."

Tcheyamani ananyamula wailesi ija kukhwapa ikulankhulabe. Ine ndinathokoza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

A Chimbalanga omwewa amabwera m'mawa uliwonse kudzamvera mauthenga a maliro pa wailesi yomweyo, tiyi wanga ali m'manja.

Amene wapambana mpikisano uja sindikumudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mawa ndiwapatsa moni a Chimbalanga ndi manja awiri, ndikumwetulira.