Dongo lanu la ku Gadzema lalowa mu simenti

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, pakhonde kuno ku Kadoma

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife tilipo, mawondo okha ndiwo akundichitira mwano. Chimanga chachita bwino chaka chino, ndipo mkazi wa Josefe wanga wabereka mwana wamkazi ku Chegutu. Mphuno ndi yanu ija, yosabisika.

Koma chandikhazika pansi ndi Tariro, mdzukulu wanga amene munamusiya akukwawa. Anaphunzira ku Harare, tsopano akufufuza zosakaniza simenti ndi dongo lowotcha. Akuti potero ng'anjo za kufakitale sizidya moto wambiri, ndipo utsi umene ukusokoneza mvulawu uchepa. Ine ndinati, sukulu yonseyo n'kudzathera pa ntchito ya amayi anga, oumba mbiya?

Miyezi inatha mwanayu akutola dothi la pachulu, la njerwa, makina ake n'kumalikana. Anawonda. Anandiuza kuti zikakanikanso kamodzi, anyamuka kutsatira amayi ake ku Joni. Amayi, ameneyu ndiye amabwera Lamlungu kudzandiphikira sadza, nsima yathu ija, ine ndikumukalipira m'Chichewa iye akuyankha Chishona. Ena onse ndimangowaonera pafoni.

Ndiye ndinamukweza kombi, minibasi ya kuno, mpaka ku Gadzema, kudambo kuja munkatapa dongo bambo ali mumgodi. Ofuna golide akumbakumba ponseponse, koma mkuyu uja ulipo. Ndinasiya lofiira lapamwamba, ndinapisa mkono wonse mpaka kupeza lotuwa lija, n'kuliluma ndi mano anga anayi otsalawa, monga munkachitira. Paja munkati, "Dongo labwino silikukutika m'mano, limagona ngati phala." Linagona, amayi. Tariro anaseka mpaka kukhala pansi, ati gogo mudwala. Ndinamufunsa kuti makina akewo, opanda dzino ndi limodzi lomwe, angadziwe chiyani. Pochoka ndinabwezera kachibulumwa m'dzenje, poti munkati otenga zonse ndi akuba.

Dzulo Tariro anatulukira akuthamanga, m'manja muli kasimenti kouma, kakang'ono ngati sopo. Akuti dongo lija analiwotcha, kulipera, kulisakaniza, ndipo tinzake ta kameneka tinalimbalimba m'makina ofinya tisanasweke, kuposa tonse tam'mbuyomu. Akuluakulu ake akufuna matumba ena a dongo. Za ku Joni sanatchulenso. Wangofunsa tsiku loti tibwerere kudambo, ndikamuphunzitse kuluma. Mano ali nawo odzaza m'kamwa, angowasungira kusekera anthu akuluakulu.

Chiliza chanu chinang'ambika ndi mvula, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho. Ndikulonjeza kuti simenti imeneyi ikadzangololedwa, thumba loyamba ndi lanu. Mudzafunda dongo lanu lomwe.

Nkhaniyi muwauzeko bambo, aja ankati mbiya zanu zimangodetsa khonde. Muwauze pang'onopang'ono, kawiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati