Mafuta a nkhumba mumphika wa apongozi

Aphungu,

Ndithandizeni, nyumba yanga yang'ambika pakati chifukwa cha tsiku lobadwa la Yesu, pamene mwini wake tsikulo ali chete.

Ndine mayi wa zaka 47, ndimaphunzitsa pasukulu ya mkaka kuno ku Ungheni. Amuna anga, a Tudor, ndi makaniko wa mabasi. Mayi anga, a Agafia, ndi amasiye a zaka 78, ndipo chaka chilichonse kukayamba kuzizira timakawatenga kumudzi kuti adzakhale nafe m'tauni. Chifuwa chawo n'chofooka, ndipo nyumba yawo imalowa mphepo ngati dengu.

Monga mukudziwa, kuno ku Moldova Yesu amabadwa kawiri. Ena amachita Khirisimasi pa 25 Disembala, ena pa 7 Januwale motsata kalendala yakale. Mayi anga ndi a kalendala yakale, ndipo tonse tinakulira momwemo. A Tudor sankasamala za masiku, bola patebulo pakhale vinyo. Kutchalitchi ankapita paubatizo ndi pamaliro basi, ndipo ankaima kukhomo kuti azitha kutuluka kukasuta. Koma chiyambire mikangano ya chisankho chathachi, agwidwa ndi mzimu. Akuti wochita Khirisimasi mu Januwale ndi kapolo wa Moscow, wochita mu Disembala ndiye mwana wa ku Ulaya. Amakalipira wailesi yakanema ngati ikuwamva, ndipo anasiya kumetetsa kwa mnzawo wa paubwana chifukwa cha voti. Munthu amene pemphero la Atate Wathu limamuthera pakati tsopano amatiphunzitsa mbiri ya Mpingo, foni ili m'manja. Mayi anayamba kuwatchula kuti a bishopu, iwo n'kumaona ngati ndi ulemu.

Khirisimasi yawo isanafike, mayi anga amasala masiku makumi anayi. Sadya nyama, mazira, mkaka kapena mafuta a nyama. Akhala akutero kuyambira ali mtsikana, ngakhale nthawi ija tchalitchi cha kumudzi kwathu chinasandutsidwa nkhokwe ya tirigu. Ali ndi kamphika kawokawo kobiriwira kamene sikanalawepo nyama chigulireni. Akamaliza kusala amakaulula machimo, kulandira Mgonero, kenako ndiye amadya.

Chaka chino a Tudor analamula kuti m'nyumba mwawo Khirisimasi ikhala pa 25. Anabwera ndi theka la nkhumba, ndipo fungo la nyama yokazinga linalowa mpaka m'mapilo. Mayi sanadandaule. Ankangokhala kumapeto kwa tebulo ndi nyemba zawo, n'kumatiuza kuti tidye, Mulungu ndi wodekha. A Tudor zimenezi zinawapweteka kuposa kutukwanidwa. Iwo ankafuna mkangano, koma apongozi awo ankangowadalitsa.

Pa 25 ndinakulunga sarmale, mpunga wa m'masamba a kabichi uja, miphika iwiri: waukulu wa nyama, ndi kamphika ka mayi ka bowa. Ndinatsika kukapereka mbale kwa aneba, n'kuwasiya a Tudor akuyang'anira moto. Patebulo mayi anadya ndi mtima wonse, anawonjezeranso, ndipo anandiyamikira kuti chaka chino bowa wakoma. Pomwepo a Tudor anaimirira, tambula ya vinyo ili m'manja, n'kunena kuti, "Wakoma chifukwa ndathiramo mafuta a nkhumba, masupuni atatu. Takulandirani ku Ulaya, amayi. Mwaona? Denga silinagwe."

Anaseka okha. Mayi anaika foloko pansi, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kukalowa kuchipinda. Sanalire ndipo sanatukwane. M'mawa mwake ndinawapeza atamanga katundu, mankhwala ndi zithunzi zawo za oyera mtima. Kamphika kaja anakasiya pasinki. Ndinawagwira mkono pakhomo, iwo n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, ine ku Moscow sindinapiteko, ku Ulayako sindikudziwako. Mayi anga ndi bambo ako ankachita Khirisimasi pa 7, ndipo ndikufuna kumachita nawo limodzi. Ndisiye ndikasale kumene kulibe wondidyetsa mobera." Anakwera minibasi ya kumudzi.

Aphungu, kumudziko chipale chofewa chafika m'mawondo. Nkhuni sitinawagulire chaka chino poti tinkadziwa kuti akhala kuno. Mnansi wawo, mayi Profira, wandiuza pafoni kuti akusonkhera mitengo ya mpanda ndi nthambi za mpesa, akugona atavala chijasi, ndipo kutsokomola kwawo kukumveka mpaka kumsewu. Anawaitana kuti azikagona kwawo, koma mayi anakana, akuti sanachoke kwa mwana wawo kuti akakhale mtolo wa aneba. A zanyengo akuti kumapeto kwa sabata kuzizira kunyanya ndipo msewu ukhoza kutsekeka. Ndikawaimbira mayi amandiyankha mwaulemu ngati ndine wa ku ofesi ya penshoni. Akuti ali bwino, ndipo abwera Yesu wawo akabadwa.

A Tudor akuti zinali nthabwala chabe, nkhalamba ikungochita sitalaka. Galimoto ndi yawo ndipo ine sindiyendetsa. Akuti sakawatenga mayi chifukwa kutero n'kugwadira Moscow, ndipo ine ndikapita kukakhala nawo mpaka pa 7 ndiye kuti ndavotera adani. Ndinawafunsa ngati a ku Ulayawo atumiza nkhuni, iwo anati ndikusokoneza nkhani.

Chovuta n'chakuti pandale ine ndi amuna anga tili mbali imodzi, tinavota chimodzimodzi. Takhala zaka 24, sanandikwezerepo dzanja, ndipo denga la mayi anakhoma ndi iwo omwewa popanda wowapempha. Koma panopa ndikawaona akutafuna ndimafuna kuwagenda ndi kamphika kaja. Amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa kale. Ndili ndi mantha kuti mayi anga afera m'nyumba yozizira chifukwa cha masupuni atatu. Ndichite chiyani?

L. B., Ungheni

Mayi L. B.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere. Mnyamata amene chibwenzi chake chasiya kuyankha foni adikire, safa. Mukatha kuwerenga pindani nyuzipepalayi muiike m'chikwama, ikathandiza kukolezera moto kumudziko.

Pitani lero. Minibasi imene inanyamula gogo wa zaka 78 ndi oyera mtima ake ingakunyamuleni inunso. Simukufunika chilolezo cha a Tudor, cha Moscow kapena cha wina aliyense kuti mukaone mayi anu. Musananyamuke imbirani mayi Profira akupezereni wogulitsa nkhuni, ngolo yathunthu, ifike msewu usanatsekeke. Tengani mabulangete, uchi ndi masokosi ochindikala. Mukafika itanani namwino wa pamudzipo amvetsere chifuwacho. Akati chipatala, ndi chipatala basi, ndipo wansembe wa kalendala iliyonse akuuzani kuti wodwala samangidwa ndi kusala.

Musakawakokere m'tauni ngati thumba la mbatata. Sanathawe nyama, nyamayo anakhala nayo nyumba imodzi osadandaula. Anathawa chifukwa anawasandutsa choseketsa patebulo la mwana wawo. Khalani nawo, idyani nawo nyembazo, ndipo mukaitane wansembe wawo adzawaone. Ndikukhulupirira adzawauza kuti chakudya chodyetsedwa mwachinyengo tchimo lake ndi la wothira, osati la wodya. N'kutheka kuti chikuwasowetsa tulo kuposa chisanu ndi chimenechi, akuganiza kuti kusala kwawo konse kwapita m'madzi.

Tsopano a bishopu anuwo. Ine Khirisimasi ndimachita pa 25, ndipo mwina ndinavota ngati inu, koma sindinamvepo kuti ku Ulaya munthu amalowera mumphika wa apongozi. Amuna anu si wandale ndipo si wazaumulungu. Ndi munthu amene wachita zopanda mwambo kenako n'kudzifunditsa mbendera. Akanathira mafutawo n'kukhala chete, bwenzi tikuti ndi uchitsiru. Koma anaimirira n'kulengeza, ndiye kuti ankafuna kuona nkhope ya nkhalamba ikugwa, ndipo anaiona. Nthabwala yoseka mwini wake yekha imeneyo ndi nkhanza, ndipo muwauze ndi dzina lomweli.

Muwauze kamodzi, osakuwa, mutavala kale nsapato, kuti mukupita kwa mayi anu ndipo mubwera iwo akachira. Ngati akufuna mkazi wawo, njira ya kumudzi akuidziwa. Abwere ndi nkhwangwa, mphika watsopano ndi pakamwa potseka. Awaze nkhuni, achotse chipale pakhomo, aimikenso mpanda, kenako avule chipewa anene kuti, "Ndikhululukireni, amayi." Mawu akewo ndi omwewo, asawonjezere "koma" kapena "m'mbiri ya Mpingo". Akayamba za Ulaya, apatseni chipika china. Ndipo adye nawo nyemba mpaka pa 7. Munthu wodziwa zaumulungu chotere nyemba sizingamuphe.

Akakana kubwera, musathetse ukwati pafoni mtima uli m'mwamba. Zaka 24 zija ndi denga lija ndaziona, n'chifukwa chake sindikuti muwataye. Nthawi zambiri munthu wofuula kwambiri za Moscow pa nkhani ya mphika amakhala akuchita manyazi, ndipo sakudziwa potulukira. Nkhwangwayo ndiye potulukira pake. Nkhani ya ukwati mudzaikamba bwino mayi atafunda.

Za mapanga awiri musadandaule nazo. Simukusankha pakati pa amuna anu ndi mayi anu, mukusankha pakati pa munthu wokhuta amene wakwiya ndi munthu wodwala amene akuzizidwa. Chaka chamawa chitani Khirisimasi kawiri ngati mmene amachitira mabanja anzeru m'dziko muno, aliyense ndi mphika wake. Yesu sanadandaulepo kuti makandulo amuchulukira.

Chenjezo langa ndi lakuti musadikire kuti wina mwa awiriwa afewe kaye. Onse ndi ouma mutu, koma chisanu chikudya mmodzi yekha. Mukachedwa, banja lanu lidzagwirizana ndithu pa tsiku limodzi, ndipo pa tsikulo palibe adzafunse kuti manda akukumbidwa pa kalendala iti.

Aphungu