Mudzanditenge pa Lole Yanuyo

Bambo a Ha-rin,

Ndapita kwa mkulu wanga ku Gimje, kabichi wa kimchi, ndiwo yathu yowawasa ija, tikathirira mchere kumeneko, chifukwa mabeseni anga onse mwawasandutsa garaja. Lalikulu lofiira lija ndalitenga. Zitsulo za lole ya malemu bambo anu zomwe munanyikamo, m'viniga wanga yemwe simunandipemphe, ndazivuula, zili pakhonde.

Pepani, pali ngozi. Dzulo ndinayesa kuviika kabichi m'ndowa, ndiye potaya madzi amchere ena anagwera pa chitseko cha lole chija mwakhala mukupala ndi sandipepa. Chafiiranso ngati mwachitola kudzala. Chipaleninso, chiume bwino, mupake penti lero lomwe chisanayambenso dzimbiri. Mpunga uli m'poto. Potoyo mukwechese nokha, kupala ndiye mumakudziwa.

Kadontho ka dzimbiri pa lole yosayenda mumakaona muli kutali, koma denga la kukhitchini landidonthera pamutu nyengo yonse ya mvula, inu osayang'anako kumwamba ngakhale kamodzi.

Basi yobwerera sindikwera. Mukandifuna, mudzanditenge pa lole yanuyo.

Myeong-ja