Dzina la pa khadi la munda

Lolemba, 3 Ogasiti 2009, kwa Mposa

Ndalama za ngalande zafika! Amene ankati ine Jacqueline ndikulota masana abwere adzaone. Chaka chonse nkhani imodzimodzi pa wailesi: mabanki akunja agwa, malonda aima. Ife tazionera pa thonje la kwathu ku Balaka, mtengo wake wochititsa manyazi, ndi pa azibambo obwerako ku Joni chimanjamanja. Boma m'thumba muli gwa. Koma banki ya chitukuko yabwereka dziko lathu ndalama zobweza pang'onopang'ono, zaka zambiri, kuti ntchito ngati inoyi isafe. Minda yothirira 120. Wolemba mayina ndine, mlangizi. Sabata siitha ndisanamalize.

Lachinayi, 6 Ogasiti

Masiku atatu basi, ndamaliza. Fomu ikuti "mutu wa banja". Pamzere ambiri azimayi, koma aliyense kutchula mwamuna wake, mwaulemu. Shamim, mayi wina wa ana anayi, anati, "Lembani bambo akunyumba, a Usumani." Eni akewo ali chiimire pamthunzi, jekete ya ku Joni dzuwa lonselo. Ntchito inawathera mu Meyi. Ndalemba, ndapereka makhadi. Cholembera chatha inki, phewa likuwawa, mtima uli mbee.

Lachiwiri, 25 Ogasiti

Kukumba kuli mkati. Ramazani yayamba, ndiye timalawirira dzuwa lisanapse. Shamim amatsiriza ndime yake pakamwa pali pouma, kenaka n'kuyamba ya mwamuna wake. A Godfrey a ku ofesi ya pulojekiti anabwera pa njinga yamoto. Akuti mndandanda wanga ndi waukhondo kuposa onse m'boma la Machinga. Ndinadzichepetsa pakamwa pokha.

Lachitatu, 16 Sepitembala

Banja la Shamim latha. A Usumani anyamula bulangete lawo, ulendo kwawo ku Ntaja, monga achitira mkamwini aliyense ukwati ukatha. Koma khadi lapita nawo. Akuti apeza kale wogula mpunga wina woti amubwereke mundawo zaka zitatu.

Shamim anandipeza pa mjigo. Sanalire. "Alangizi, dothi la amayi anga lalowa bwanji m'thumba la jekete?"

Ine amene bambo anga akhala zaka makumi atatu pa malo a amayi, osadulapo ndi mtengo womwe asanafunse! Fomu inalembedwa ndi munthu wakutali, sadziwa za chikamwini. Nanga ine? Ndinkathamangira kutamidwa. Manyazi andigwira mpaka nsima yandikanika.

Lachisanu, 18 Sepitembala

Ndawerenga. Minda 87 ili m'mayina a akamwini. Ndaimbira a Godfrey, mayunitsi onse phuu. Akuti mndandanda ukupita ku banki pa 30, ndipo kusintha tsopano kuchedwetsa gawo lachiwiri la ndalama, la simenti ndi malipiro. "Achemwali, musadzutse njoka yogona. Ndi banja limodzi lokha." Limodzi lero! Mabanja kuno amatha ngati sopo. Bankiyo inatibwereka ndalama kuti anthu asagwe, osati kuti mayi alandidwe munda ndi cholembera changa. Ndilembanso. Akafuna andichotse.

Loweruka, 26 Sepitembala

Midzi isanu pa njinga yakapalasa. Tcheni chaduka kawiri. Azibambo ena akwiya, wina mpaka kunditcha wopasula mabanja. Ndinamufunsa kuti manda a agogo ake ali mudzi uti, anangoseka n'kupereka khadi. Ankhoswe ndi amalume a azimayiwo andithandiza kuposa komiti ya mindayi. Fomu yatsopano ndajambula ndekha ndi rula: mwini dothi, kenaka wolima naye. Shamim wadinda chala, n'kupukutira inki pa chitenje chatsopano cha Idi.

Lachitatu, 30 Sepitembala, ku Boma

Ndapereka mndandanda watsopano ndi dzanja langa, pamodzi ndi kalata yovomera kuti wolakwa ndine. A Godfrey sanandipatse mpando. Minibasi yobwerera inadzaza, ndakhala pa thumba la makala.

Lolemba, 26 Okutobala

Kubanki kuli zii. Simenti kulibe, malipiro a okumba aima. Pamsika moni wanga akuyankha ndi ana okha. Mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikagwa ngalande isanamangidwe, dothi lonse tinakumbali libwerera m'malo mwake. Ndikuopa, ndisaname. Koma nditabwerera pa 18 Sepitembala paja ndingachitenso chimodzimodzi.

Lachinayi, 5 Novembala

Lole ya simenti! Akubanki avomera, ndipo akuti fomu yanga ya rula igwire ntchito m'masikimu enanso a ulimi wothirira. A Godfrey akuyankhula ngati nzeruyo tinapangana. Zawo zimenezo. Amisiri ayambe mawa.

Lachiwiri, 22 Disembala

Madzi ayenda mpaka kumunda wotsiriza. Chakum'mawa a Usumani anatulukira ndi wampunga wawo uja, khadi lakale m'manja. Mlembi wa komiti anatsegula buku, nawerenga mokweza kuti munda 41 mwini wake ndi Shamim Aufi. Wampunga anakwera njinga yake osatsazika. A Usumani anaima pa mzere wa munda nthawi yaitali, kuitana dzina la mkazi uja kawiri, katatu.

Shamim sanadzutse n'komwe mutu. Matope m'maondo, amawokera mpunga wake.