Msomali Usatuluke Ndisanadine

Lolemba, 3 Malichi

Lero mwana wanga wachisamba wandikokera kuyunivesite kumene amaphunzitsa. Ine wosapondapo m'kalasi chibadwire, zilembo izi n'zondiphunzitsa malemu mayi ake, andikhazika kutsogolo ngati mkwati. Jekete yothina m'khwapa. Mpando wapulasitiki, wogwedera. Yunivesite yonse yopanda kalipentala.

Ophunzira akewo si ana. Madigiri ali nawo kale, akufuna achiwiri. Akuti mainjiniya a zamalonda. Injiniya wa m'manja mosalala. Phunziro lawo akulitcha ERP. Mwana wandimasulira kuti ndi sisitimu imodzi ya pakompyuta yomanga pamodzi zonse za pakampani: kugula matabwa, sitolo, kucheka, kupala, kugulitsa. Shopu yanga ya madesiki ndi zitseko ndiye aphunzirirepo. Ndinavomera tsiku lina nditakhuta. Kukhuta n'koipa.

Mafunso ngati kupolisi. Mtsikana wina wamagalasi, wolemba ngakhale ndikatsokomola. Amalola kugula matabwa ndani? Ine. Guluu kutuluka m'sitolo? Ine. Ntchito kuchoka kocheka kupita kopala? Ine. Lole kunyamuka? Ine. Wina wandevu ngati tonde wafunsa kuti nanga madala mukadwala. Ndamuuza kuti choyamba sindine madala ake, chachiwiri sindidwala. Aseka onse. Wachisamba sanaseke, amangoyang'ana pawindo.

Pashopu panga msomali sutuluka ine osadziwa. Ndanena choncho. Alemba.

Lachisanu, 14 Malichi

Ophunzira aja abwera pashopu ndi zipangizo zawo. Kompyuta ina m'sitolo, ina patebulo la alamu, kapitawo wanga, mchimwene wa malemu. Mawaya ponseponse. Wandevu wapunthwa pa thabwa, nsapato zake zoyera.

Ine andipatsa foni yatsopano. Ntchito yanga yophweka, akutero. Wina akafuna kanthu foni ilira, ine ndidina. Batani lobiriwira ndalola, lofiira ndakana. Wakusitolo satsegula kabati mpaka kompyuta ilavule kapepala. Ayesa choncho mpaka mwezi uthe, kenako mwana wanga awapatse malikisi.

Kunena zoona chandikoma. Wamagalasi wandionetsa chithunzi cha ntchito yonse, timabokosi ndi mivi. Muvi uliwonse ukudzera pa bokosi langa. Ngati mtima m'thupi.

Wachisamba wandiitanira pambali. Akuti Bambo, ikaniko alamu anu akhale wachiwiri, mutu umodzi susenza denga. Ndati denga lake liti, ili ndinalikhoma ndekha iwe ukuyamwa. Ndasonkhanitsa anyamata onse pa macheka. Ndalamula: wotenga ngakhale sandipepa ndisanadine, apite kwawo. Alamu angovula chipewa, kukanda m'mutu, kuvalanso.

Tili ndi ntchito ya madesiki a sukulu ina, ayenera kuchoka isanatsegulidwe. Ahedi ake ndi makasitomala akale. Tikwanitsa.

Lachiwiri, 18 Malichi

Foni imeneyi ili ndi ziwanda.

Kulira ndisanasukusule. Kulira ndili kuchimbudzi. Misomali ya mainchesi atatu. Guluu. Mababu. Sopo wa anyamata wosambira poweruka. Sopo. Moyo wanga wonse sindinadziwe kuti ndimagula sopo.

Tiyi wazizira, ndatenthetsa, wazizanso.

Mawu ake n'Chizungu, ting'onoting'ono ngati nyerere. Diso langa lakumanzere chifunga chokhachokha. Ndimangoyang'ana mtundu. Masana chala chatsetsereka, ndadina chofiira. Sindinadziwe kuti ndakana chiyani. Kani ndabweza lole ya matabwa a paini ili kale pageti. Dalaivala wa eni matabwa wadikira, watukwana, wabwerera nayo. Alamu anaima pomwepo manja m'thumba. Akuti mwini wake wakana, ine ndine ndani.

Ndaimbira wachisamba kuti chinthu chako chabweza matabwa anga. Akuti chachita zimene chala chanu chanena. Mwana ameneyu pakamwa ngati mayi ake.

Lamulungu, 23 Malichi

Yalira m'tchalitchi pakati pa pemphero. Wowotcherera mafulemu akugwira Lamulungu kuti tipeze nthawi yotayika ija, amafuna ndodo zowotcherera. Abusa anditsegulira diso limodzi. Ndatuluka chowerama, bondo likulira nalonso.

Matabwa anabwera Lachisanu. Mtengo wakwera, akuti ndi ulendo wachiwiri. Zandiwawa mpaka m'mano.

Lachinayi ndipita kukapalitsa ng'ala. Anandilembera tsikuli kalekale. Sindinauze aliyense, ng'ala si matenda. Ndipita m'mawa, madzulo ndili pano.

Loweruka, 29 Malichi

Ndikulemba ndi diso limodzi, mizere ikupita kumene ikufuna.

Kuchipatala sanandiuze kuti agoneka munthu. Foni anesi analanda, akuti kuwala kwake n'koipa. Ndinati mayi, muli kampani m'menemo. Anati kampaniyo igone nayonso, n'kuitsekera m'dirowa. Kamtsikana kosafika paphewa panga.

Ndafika pashopu lero. Zii. Macheka ozizira. Anyamata akhala pa matabwa, ena akusewera makhadi pa desiki losamaliza. Guluu anatha Lachinayi m'mawa, wina ali tho m'kabati, kabati yokhoma, wakusitolo wakhala patsogolo pake kiyi ali m'khosi. Akuti Bwana munati wotsegula apite kwawo, ine kwathu kulibe chimene ndikachite.

Ndakalipa mpaka bandeji kuthina. Ndati alamu, munthu wamkulu, imvi mbuu, osathyola loko? Ayankha mosakweza mawu, ndicho chandipsetsa mtima. "Alamu, zaka zonsezi guluu ndimagula ndekha. Inu ndimakuuzani atauma kale, mumvekere eya, ndimati tigule."

Pamaso pa anyamata. Mmodzi anatsokomola dala.

Ndati sopo? Akuti sopo anayambitsa ndi malemu mlongo wawo. Lole? Dalaivala amangonyamuka, ine ndimakweza dzanja ali kale pamsewu.

Bodza. Zina n'zoona koma bodza.

Ahedi aimba kawiri. Akuti ana asakhale pansi chifukwa cha ine, apo ayi apita kwa kalipentala uja wa tsidya la msewu. Uja. Amene ndinamuphunzitsa kugwira nyundo.

Lachiwiri, 1 Epulo

Wachisamba wabwera kunyumba ndi mankhwala a m'maso ndi mkwiyo. Poyamba za ng'ala, kuti wamvera kwa anesi ngati mlendo. Wandidonthezera mankhwala mwankhanza, kenako wandipukuta tsaya pang'onopang'ono. Ndaona. 

Kenako za ophunzira. Ndimayesa awaikira kumbuyo. Ayi, wawalepheretsa gawo loyamba onse. Ndati alakwanji, analemba zimene ndinawauza. Akuti kulakwa kwake n'komweko. Wofuna kuika kampani m'kompyuta safunsa mwini wake yekha, mwini amanena za m'maloto ake. Amayenera kukhala pautuchi n'kuona amene amatsegula kabati. Kandimverere anakanena za m'maluwa, akutero. Mwambi kundiponyera ine, bambo ake.

Ndati ndiye unadziwa. Akuti ndinakulira m'shopumo, Bambo, ndinkaona amalume akukupatsani maganizo awo kuti muwabwezere ngati anu. Ndati ndiye unandisiya ndigwe kuti ana ako aphunzire. Akuti ndinakuchenjezani, inu munandiyankha za denga lanu. Za chipatala zokha ndiye sanadziwe.

Akufuna ndipitenso m'kalasi ndikafotokoze. Ndikhale chitsanzo ngati chule wa m'botolo. Ndamuuza atseke chitseko potuluka.

Wamagalasi uja akuti analira. Maphunziro amamulipirira ndi akuntchito kwake, akalephera amudula. Mwana wolemba bwino chotero. Walakwa chiyani, kukhulupirira munthu wamkulu?

Lachinayi, 3 Epulo

M'kalasi sindinapite ndipo sindidzapita. Ndinatuma mawu kwa ophunzirawo kuti ngati akufuna kuphunzira abwere kuno, avale zoti zide.

Abwera. Kuyambira dzulo ali m'shopu. Wandevu ndevu zonse utuchi, akutsatira alamu ngati mwana wa nkhuku. Wamagalasi wakhala pa chitini m'sitolo, kuyang'ana basi, osafunsa. Ine ndakhala pakhomo kudina ngati wamisala kuti madesiki ayende. Chobiriwira, chobiriwira, osawerenga n'komwe. Akanapempha nyumba yanga ndikanadina.

Madzulo andionetsa chithunzi chatsopano. Ndafunafuna bokosi langa. Lili pakona, mivi iwiri yokha: kugula makina ndi kuika mitengo ya ntchito zikuluzikulu. Zina zonse alamu, wakusitolo, dalaivala. Makina tinagula komaliza liti?

Wamagalasi maso pansi. Akuti Bwana, mukakana tisiya mmene zinaliri, ndi shopu yanu.  Panja madesiki theka opanda miyendo.

Ndati chithunzi chanu n'cholakwika. Mwaiwala vanishi. Vanishi ndiye nkhope ya desiki, munthu amagula ndi maso, ameneyo satuluka ndisanadine. Zinazo ndikulamula ine kuti alamu azione, ndatopa ndi kulera akuluakulu. Lembani kuti ndalamula ndine.

Walemba. Muvi wachitatu.

Alamu amayang'ana kudenga, masaya akugwedera pobisa kuseka. Tsiku lina ndidzawachotsa ntchito.

Lolemba, 7 Epulo

Madesiki anapita Loweruka. Ahedi akuti zikomo, koma mwaulesi. Lole inanyamuka ine ndili kumbuyo kosamba m'manja. Ndinangomva kulira kwake.

Wachisamba akuti ophunzira akhoza gawo lachiwiri, wamagalasi pamwamba. Chaka chamawa akufuna kubweretsa ena. Ndati aone kaye ngati ndidzakhale ndili moyo.

Foni zii tsiku lonse. Ndaigwedeza. Ndaitchaja ngakhale inali yodzaza. Ndamuimbira mwana kuti chinthu chako chafa. Akuti sichinafe, Bambo, chikugwira ntchito. Anafuna kunena zina, ndadula.

Diso likuona bwino tsopano. Mwina mopitirira. Ndazungulira shopu kawiri. Macheka akulira, guluu akununkha, aliyense akudziwa kolowera. Moni, Bwana. Mwadzuka, Bwana. Ngati moni wopatsa chithunzi cha pakhoma.

Tiyi ndamwa wotentha mpaka pansi. Wosakoma.

Lachitatu, 9 Epulo

M'mawa ndinalowa m'sitolo wakusitolo atatuluka. Kuona chabe. Vanishi ali pashelefu yapansi, zitini zosatsegula, ndi china chotsegula kale pabenchi la openta, chodzaza kupitirira theka. Ntchito yopaka sabata ino palibe. Zitseko zimene tikupanga n'zopita zosapaka, mwini wake anatero.

Masana foni yalira. Ndinadzidzimuka mpaka kutaya supuni.

Vanishi, chitini chimodzi. Wopempha: kapitawo.

Ndasuzumira pawindo la ofesi. Alamu ali pa makina opalira, msana kuno, akuyeza thabwa limene ayeza kale. Osacheuka. Mdala wabodza ameneyu. Nkhalamba yopanda manyazi, kundiyesa mwana wopatsa chidole kuti asalire.

Ndaisiya ilire kachiwiri, adziwe kuti ndili ndi zochita.

Ndadina chobiriwira.