Mbewa Zanga ndi Lamba wa Abambo

Cape Town
Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Miyendo ija ikukuvutanibe mukamakwera chitunda chochokera kumtsinje? Nanga Abambo adzuka bwanji? Funso limeneli ndikufunsa inu, chifukwa eniakewo ndikawafunsa pafoni amangoti ali gwa, kenako n'kuyamba kundifotokozera za mvula. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Kalatayi ndapatsira Crispin, mnzanga wa ku Goliati uja, amene akubwera kumudzi pa basi. Pepala ndasankha dala. Pafoni Abambo amakulandani foniyo nkhani ikafika pamene sakupafuna, koma pepala mukhoza kuwawerengera atakhala pansi, ngakhale kawiri.

Kuno kwayamba kutentha, koma mphepo yake ndi yamwano. Sabata yatha inandiulutsira malaya pachingwe, ndinakawapeza kwa aneba galu atagonapo. Edson, mnzanga wa ku Mulanje amene ndimakhala naye nyumba, amaphika nyemba ngati akulanga munthu. Ndikalawa ndimangokumbukira nandolo wanu wamuwisi ndi chinangwa.

Munandifunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji pa yunivesite pano, popeza kutchalitchi anthu ayamba kunditchula dokotala. Amayi, ine ndimaweta mbewa. Ndi timbewa takuda, tonenepa, tokhala m'mabokosi oyera kuposa mbale zanu za alendo. Ndisanalowe m'chipinda chake ndimavala magolovesi ndi chophimba kukamwa. M'mawa uliwonse ndimatiyeza pasikelo kamodzikamodzi, n'kutola zitosi zake ndi kopanira. Tsiku lina ndinawauza abwana anga, mayi wamtima wabwino, kuti kwathu zimenezi ndi ndiwo, timazipana pakamtengo. Anagwira pachifuwa, ndipo mpaka lero amaziwerenga ine ndikamaweruka.

Chimene tikufufuza ndi ichi. M'matumbo mwa mbewa, ngakhalenso mwa munthu, mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo si tonse toipa. Pali zakudya zina zimene mimba siitha kugaya yokha, monga makoko a nyemba ndi ufa wa nthochi zosapsa. Tizilombo tabwino timadya zimenezo n'kutulutsa timadzi tina timene timadyetsa khoma la matumbo. Akuluakulu a kuno akufuna kudziwa ngati timadzi timeneti tingachepetse kutupa kwa matumbo. Ndiye timadwalitsa mbewa dala, zina n'kuzipatsa chakudya chotere, zina ayi, kenako timaona kusiyana kwake.

Izi ndi zimene ndinawafotokozera Abambo pafoni mwezi wa Ogasiti, ndili wosangalala kuti mbewa zina zinayamba kupeza bwino. Anandimvetsera osandidula mawu, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Ine ndinkaganiza kuti akungonyadira mwana wawo.

Tsopano achemwali Ellen andiuza zonse, ndipo musawakalipire. Akuti mankhwala amene Abambo analandira kuchipatala cha ku Makwasa anawasiya pawindo. Akuti tsiku limene anauzidwa kuti abwererenso kukayezedwa bwinobwino linadutsa iwo ali kumunda wa tiyi. M'malo mwake akudya nthochi zosapsa zowiritsa m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka amanyamula zina m'kontena popita ku esiteti. Pasikelo akumauza othyola tiyi kuti mwana wawo wapeza mankhwala a m'mimba ku Joni, ndipo iwo ayamba kulandira azungu asanamve n'komwe.

Poyamba ndinaseka, Amayi, chifukwa amenewo ndi Abambo enieni. Koma achemwali anapitiriza. Anati magazi akuonekabe akapita kukadzithandiza, ndipo Abambo, kapitawo amene sankachoka pamzere ngakhale mvula igwe bwanji, tsopano akumasiya anthu awo kangapo dzuwa lisanafike pamutu. Anatinso lamba amene ndinawatumizira chaka chatha, amene ankadandaula kuti akuwathina, amuboola mabowo ena ndi msomali wamoto. Nditamva za lambayo ndinalephera kudya. Ndinakhala pabedi n'kulira ngati mwana.

Chonde muwauze mawu awa monga ndalembera. Mbewa zathu timadziwa chimene zikudwala chifukwa tinazidwalitsa tokha. Chimene chikuwadya Abambo palibe amene akuchidziwa, ndipo n'chifukwa chake achipatala anawaitananso. Matenda otulutsa magazi alipo amitundumitundu, ena amachizika msanga akapezeka msanga. Komanso pafoni paja sindinamalize nkhani. Si mbewa zonse zinachira. Zina sizinasinthe, ndipo zina zimene matumbo ake anali atatupa kale kwambiri zinaipiraipira. Nthochi si poizoni, adye ndithu ngati achipatala avomereza, koma si mankhwala.

Abambo amadziwa bwino kuposa ine kuti mbande za tiyi watsopano siziyambira kumunda. Zimakhala kaye ku nazale, anthu n'kumaziona zaka ndi zaka, zambiri n'kutayidwa. Ntchito yathu ikadali ku nazale. Mwina idzathandiza ana a achemwali akadzakula, mwinanso ayi. Paja akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wapamphuno ndi uja ali pawindoyo, ndi dokotala wa ku Makwasa.

Pempho langa ndi limodzi. Apite kuchipatala sabata yomwe mulandire kalatayi, ndipo inu mupite nawo mpaka m'chipinda cha dokotala. Akalowa okha akanena kuti ndi kam'mimba chabe. Inu mukanene za magazi, za nthochi ndi za lamba. Akakawatumiza ku Blantyre, apite. Za mayendedwe ndakambirana kale ndi achemwali, zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Ndikudziwa chimene ayankhe. Anena kuti mvula yagwa, tiyi waphukira, ndipo kapitawo sachoka nyengo ya masamba, adzapita mu Epulo. Muwauze kuti tiyi ameneyo anamupeza ndipo adzamusiya. Akakanabe, itanani amalume a Blackson. Pamaso pa alamu awo sachita makani, amangokanda kumutu. Koma musawachititse manyazi pa za pasikelo zija. Anachita zimenezo chifukwa chondikhulupirira, ndipo palibe munthu wina anandikhulupirirapo chonchi. Ngati anzawo afunsa, anene kuti dokotala wa ku Joni uja ndi amene walamula kuti apite ku Makwasa. Ulendo uno wokha udokotalawo ndauvomera.

Kuntchito kuno mbewa ikayamba kutsika thupi sitidikira kuti sabata ithe, timaitana dokotala wa zinyama tsiku lomwelo. Dzulo ndinaika kamodzi pasikelo, kanali katapepuka, ndipo ndinakayeza mobwerezabwereza mpaka abwana anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawauza kuti ayi. Mumtima ndinkati kambewa aka kali ndi munthu wokayeza tsiku lililonse, pamene Abambo, amene akhala moyo wawo wonse akuyang'anira sikelo ya masamba a eni, palibe akuwayeza. Mbewa ikafa timalemba, mawa lake amabweretsa ina. Abambo ndili nawo amodzi.

Mundiperekere moni kwa amalume a Blackson ndi akazi awo, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa azakhali ku Khwethemule. Kamdzukulu kanu Faith mukauze kuti nsapato zake ndaziona kale m'sitolo, kangolimbikira sukulu. A kwaya muwathokoze chifukwa cha mapemphero.

Abambo muwauze kuti ndimawakonda, ngakhale adzanamizira kutsokomola mukamawerenga pamenepa. Muwauzenso kuti lamba uja asamutaye. Ndikubwera pa Isitala, Mulungu akalola, ndipo ndikufuna ndidzawamve akudandaulanso kuti akuwathina.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Limbikani